Mpweya Wolowera Pambali: Mbiri ya Magalaja a ku Chipata

Anthu amati Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo sanama. Kuno n'kumene kunali fakitale ya Luangwa Industries yomwe inkamanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero makala, mbuzi, nkhuku ndi anthu omwe amalowa mu Umodzi Highway ali pakeliyala. Koma ife amene tinakulira m'mbali mwa magalaja a ku Kapata timasunga mbiri inanso ya tauni ino, ya magalimoto amene ankafika kuno atatopa kale ndi ya amisiri amene ankawayendetsa zaka ndi zaka masipeya kulibe. Pa nthenda zonse za injini zimene amisiriwo ankalimbana nazo, pali imodzi yomwe yadya ndalama za anthu mwakachetechete kuyambira nthawi ya Land Rover mpaka ino ya Toyota Allion. Ndiyo ya injini yokoka mpweya pamalo polakwika, kaya pa gasiketi yophwanyika, pa paipi yong'ambika kapena pa kilampu yomasuka. Bowo lake nthawi zambiri sungalowetsepo ndi ndodo ya machesi yomwe.

Tauni ino inayamba galimoto isanabwere. Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kupha mwana wake Nsingu, anamanga boma lawo pakati pa mapiri ano n'kulitcha Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Katundu wa m'masitolo a Amwenye oyamba, makolo a awa a ku Down Shops, ankabwera pamitu ya amtengatenga kuchokera ku Tete ndi ku Nyasaland. Malole anachuluka ndi fodya wa m'mafamu a Azungu m'zaka za m'ma 1920, ndipo mlatho woyamba pa Luangwa utamangidwa mu 1932 njira ya ku Lusaka inayamba kupitika chaka chonse. Inali njira ya fumbi lokhalokha, makilomita oposa 550, ya zitunda ndi makona a pa Manenekela. Galimoto iliyonse inkafika pa Fort Jameson itameza fumbi, sipeya yake ili kutali ulendo wa masiku. Umisiri wa kuno unaumbidwa ndi zinthu ziwiri zimenezi, fumbi ndi kutalika kwa njira.

Woyendetsa galimoto amadandaula za petulo poti ndiye amagula, koma chimene injini imadya kwambiri ndi mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikawerengera m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita 9,000 kapena kuposerapo, madiramu oposa 40. Mpweya wonsewo uli ndi njira imodzi yololedwa: ulowe pa sefa, fumbi litsale, upite pa kabuleta kapena pa sensa yomwe imauyeza, udutse pa kachitseko kamene kamatseguka munthu akaponda moto, kenaka ugawike mu manifodi kupita ku masilinda. Galimoto ikamalira ili chiimire, kachitseko kaja kamakhala pafupifupi kotsekeratu pamene mapisitoni akukokabe, ndiye mu manifodi mumakhala chikoka champhamvu. Pakangopezeka kampata, mpweya wakunja umathamangira pomwepo. Zili ngati kumwa madzi ndi bango long'aluka: umayamwa ndi mphamvu zonse koma chofika kukamwa ndi mpweya wambiri, madzi pang'ono. Mpweya wolowera pambaliwu umapweteka pawiri. Sunawerengedwe, choncho petulo amachepa, injini n'kumanjenjemera, kuzima ndi kutentha mpaka kuwotcha mavavu. Sunasefedwenso, choncho umalowa ndi mchenga umene umapala maringi ndi masilinda tsiku ndi tsiku.

Magalimoto a nthawi ya atsamunda ndi a zaka zoyamba za ufulu, ma Land Rover aboma ndi amishoni, malole a Bedford, mathirakitala a m'mafamu, ambiri anali ndi sefa ya oyilo. Chinali chigubu chachitsulo chokhala ndi oyilo pansi. Mpweya unkatsika n'kutembenuka mwadzidzidzi pamwamba pa oyiloyo, fumbi lolemera n'kumira momwemo, lotsala n'kukodwa mu waya wopiringizika wa pamwamba. Sefa imeneyi sinkagulidwa kawiri. Ntchito yoyamba ya mnyamata aliyense wolowa m'galaja inali kuitsuka ndi palafini, kukokota matope a pansi ndi kuthiramo oyilo kufika pamzere. Amalume anga, amene anandiphunzitsa zambiri za m'nkhani ino, anayambira pamenepo. Ankakonda kusimba za chaka cha 1966. Ian Smith atadzilengeza mwini Rhodesia mu November 1965, mafuta a Zambia anasiya kudzera kummwera. Ena ankabwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, ena pa sitima mpaka ku Salima ku Malawi, kenaka pa malole odutsa pakati pa tauni ino kupita ku Lusaka. Amalume ankati fumbi silinkapeza mpata wokhazikika, ndipo lole imene mphira wa pakati pa sefa ndi injini unali utang'ambika inkayamba kufuka utsi wabuluu nyengo imodzi isanathe. Paipi ya mafuta ya TAZAMA ndi mlatho watsopano wa Luangwa zinatsegulidwa mu 1968, phula linatsatira pa msewu waukulu, dzina la Fort Jameson n'kuchoka. Koma misewu ya ku Chadiza, Vubwi ndi Mfuwe inakhalabe ya fumbi zaka zambiri.

Amisiri enieni a kuno anaphikidwa m'zaka za kusowa. Mtengo wa kopa utagwa cha mu 1975, boma linasowa ndalama zakunja, anthu n'kumafola mizere ya sopo, shuga ndi saladi. Masipeya nawo anathawa m'masitolo. Ma Fiat omangidwa ku Livingstone, ma Peugeot 404 ndi 504, ma Datsun, malole onyamula chimanga cha NAMBOARD ndi mtedza wa chalimbana wa Eastern Cooperative Union, zonsezi zinayenera kuyendabe. Galaja ya amalume inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Kapata, tcheni chokokera injini chili lende panthambi. Ine ndinkapereka masipana ndikaweruka kusukulu.

Tsiku lina m'nyengo yogulitsa mtedza kunabwera mlimi wa ku Chiparamba ndi Datsun 1200 yapikapu. Anaima, koma phazi lili pamoto.

"Amisiri, galimoto iyi yandichititsa manyazi pa Saturday Market. Ndikangochotsa phazi, yazima. Mapulagi ndasintha, mapointi ndasintha. Wina akuti kabuleta yatha, ndigule ina. Nanga kabuleta ndikaitenga kuti masiku ano?"

"Musaizimitse, abambo. Takokani choki pang'ono, ndiye muchotse phazi."

Anakoka, injini n'kukhazikika. Choki imachepetsa mpweya wolowa pakamwa pa kabuleta, ndiye injini yotentha kale ikamachira ndi choki ndiye kuti petulo akuchepa kapena mpweya wachuluka. Amalume anabweza choki, anachotsa chivindikiro cha sefa, n'kutseka theka la kamwa la kabuleta ndi chikhatho. M'malo motsamwa, injini inakweza mawu. Anapotoza kasikuluwu kosakanizira petulo uku ndi uku, osasintha kanthu. Anafunsa mapulagi akale aja, mlimi n'kuwatulutsa m'kapepala ka shuga. Onse anayi nsonga zawo zinali mbee, osati zofiirira monga zimakhalira pa injini yodya bwino.

"Iwe, tandipatsa paipi ija."

Chinali chidutswa cha paipi yothirira dimba, chotalika mkono umodzi. Mbali imodzi anaiika kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa manifodi, pa timapaipi ta mphira, kuzungulira tsinde la kabuleta, akuzemba fani ndi lamba wake. Injini ili ndi maphokoso ambiri, koma paipi imakubweretsera la pamalo amodzi. Atafika kuseri kwa tsinde la kabuleta anaima, n'kundipatsa kuti nanenso ndimve. Kanali kamluzu kakang'ono kosalekeza, psiii. Anatenga kachitini ka oyilo n'kudontheza pamzere pomwe kabuleta imakumana ndi manifodi. Oyilo anamezedwa tikuona, injini inakhazikika kanthawi poti bowo latsekeka, kumbuyo kunatuluka kautsi kabuluu, kenaka kunjenjemera kuja kunayambiranso.

Atachotsa kabuleta, gasiketi inapezeka itaphwanyika pakona. Koma amalume sanakhutire ndi gasiketi yokha. Anaika rula yachitsulo kunsi kwa tsinde la kabuleta n'kuyang'anitsa kudzuwa, ndipo kuwala kunkadutsa pakati. Wina anali atamanga manati mwankhanza poganiza kuti akutseka bowo, chitsulo chofewacho n'kupindika. Anayala sandipepa pa galasi la windo yakale, n'kumakhutiza tsindelo mozungulira, mosathamanga, mpaka lonse linawala mofanana. Gasiketi anaidula pa katoni yolimba ya bokosi la nsapato. Anaigoneka pa manifodi n'kumagogoda m'mphepete ndi mutu wozungulira wa hamala yaing'ono, chitsulo chomwecho n'kumadula katoniyo, mabowo a mabawuti onse ndendende. Anaipaka girisi pang'ono, n'kumanga manati mopingasa, iyi pang'ono, ya kutsidya pang'ono, kubwerezabwereza mpaka onse anagwira mofanana. Atailiza, kasikuluwu kaja kanayamba kumvera. Mlimi analipira tindalama ndi chitini cha mtedza, kabuleta yake yomweyo ili m'malo.

Si gasiketi iliyonse yomwe inkatheka ndi katoni. Pa Datsun manifodi ya mpweya ndi ya ekizozi zili mbali imodzi ya injini ndipo zimagawana gasiketi imodzi, moti katoni ikanapsa tsiku lomwelo. Imeneyo ankaituma kwa aliyense wopita ku Lilongwe kudzera pa Mwami, paja Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka, kapena ankaichotsa pa galimoto yakufa. Bowo likakhala pamenepo, mapulagi ankaulula okha, awiri oyera, awiri abwinobwino. Malo ena obisika anali kamtanda komwe kachitseko ka kabuleta kamazungulirapo. Fumbi linkakadya mpaka kuyamba kugwedera, mpweya n'kumalowera m'mbali mwake, ndipo mankhwala ake anali kupita kwa wa makina osemera zitsulo kukaikitsa kabushi ka mkuwa. Koma paipi imene amalume sankalola kuti ituluke m'galaja asanaione inali yaikulu ija yochoka pa manifodi kupita ku servo ya mabuleki. Ankaifinya ndi pulayazi injini ikulira, ndipo ikakhazikika ankadziwa kuti bowo lili ku servo. Servo yoboola imaumitsa buleki, munthu n'kumaponda ndi mphamvu zonse galimoto ikupitabe. Wotsika zitunda za ku chigwa cha Luangwa atasenza matumba, imeneyo si nkhani ya mafuta ayi, ndi ya maliro.

Panalinso njira yachidule imene ambiri ankakonda, yodontheza petulo m'malo mwa oyilo, ndipo masiku ano amapopera mankhwala otsukira kabuleta. Imagwira ntchito, injini imakweza mawu ukangofika pa bowo. Amalume ankailetsa. Pafupi pomwepo pali manifodi ya ekizozi yotentha ndi mawaya a mapulagi othetheka, ndipo galimoto ya munthu wina ikhoza kuyaka ukuona. Madzi opopera ndi botolo amakuuzanso zomwezo, poti injini imatsamwa pang'ono ikawameza.

Sikuti onse a nthawi imeneyo anali otere. Analipo ena obisa nthenda m'malo moichiza. Ankatsegula kasikuluwu ka petulo mpaka kumapeto, kukweza idling, ena mpaka kukulitsa bowo la jeti ndi waya. Galimoto inkasiya kuzima, mwini n'kupita akusangalala, koma kuyambira tsikulo inkamwa mafuta mopanda chisoni, mchenga ukulowabe pa bowo lija. Ndiye panali malegeni. Ine malegeni ndimawalemekeza, chifukwa chubu chakale chodulidwa chinafikitsa kwawo anthu ambiri amene paipi inawang'ambikira usiku pakati pa Katete ndi Chipata. Koma oyilo ndi kutentha zimafewetsa malegeni msanga, ndipo ntchito yawo inali kukufikitsa pagalaja basi. Ena ankawasiya chaka chathunthu. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti zaka za kusowa zinatisiyira makhalidwe awiri otsutsana. Loyamba ndi kudekha kofufuza vuto usanatulutse ndalama, poti panalibe chogula n'kungoyesa. Lachiwiri ndi lija lomanga n'kumapita. Loyambalo ndi chuma cha tauni ino ndipo zimandipweteka kuliona likutha. Lachiwirilo lapha mainjini ambiri, ndipo likadalipo.

Zinthu zinatembenuka Frederick Chiluba atalowa m'boma mu 1991. Malamulo oitanitsa katundu anamasuka, mabasi a UBZ anatha pakati pa zaka za m'ma 1990, ma minibasi a HiAce ndi matakisi a Corolla n'kudzaza pa siteshoni. Pambuyo pake anthu anayamba kuitanitsa okha magalimoto pa intaneti ku makampani a ku Japan monga BE FORWARD, n'kukawatenga atatsika pa doko la Dar es Salaam. Magalimotowa ndi abwino, koma amafika ali ndi zaka khumi kapena kuposa, mphira wawo utakalamba kale, ndipo anapangidwira misewu ya phula. Kabuleta mulibe. Petulo amathiridwa ndi mainjekita molamulidwa ndi kompyuta, ndipo kasikuluwu koti upotoze kulibe. Amisiri akale ambiri anaopa, ena anangotsalira pa mabuleki ndi masipuling'i. Amene analimba mtima anaphunzira kuti pa ma Corolla a injini ya 5A-FE, ukalumikiza ndi kawaya malo olembedwa TE1 ndi E1 m'kabokosi ka pansi pa boneti, nyali ya injini imaphethira manambala. Kuphethira kawiri, kupuma, kenaka kasanu, ndiye 25, kutanthauza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya.

Chinasokoneza ambiri n'chakuti bowo lomwelo linayamba kuonetsa zizindikiro zosiyana malinga ndi injini. Ya 5A-FE imayeza chikoka cha mu manifodi momwemo, choncho mpweya wolowera pambali kompyuta imauona n'kuwonjezera petulo, galimoto n'kumalira mokwera kapena kukwera ndi kutsika ili chiimire. Injini zobwera pambuyo monga 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE zimayeza mpweya kumayambiriro, pa sensa ya kawaya kotentha yomwe ili pafupi ndi sefa. Chilichonse cholowa kuseri kwa sensayo kompyuta sichidziwa, ndiye nthenda imafanana ndi ya Datsun ija. Pakati pa sensa ndi kachitseko pali paipi yaikulu ya mphira yamakwinya. Imang'ambikira m'makwinyamo, kunsi komwe diso silifika, ndipo mng'alu umatseguka injini ikagwedezeka ponyamuka, makamaka mphira zogwira injini zikatha ndi mabampu. Galimoto imalira bwinobwino pagalaja, koma ikangonyamuka imadzuka ndi kugwa. Kumidzi kulinso makoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe nthawi yokolola imadzuka timapaipi tating'ono titatafunidwa.

Lero pafupifupi galaja iliyonse ili ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, ena amawerengera pa foni. N'chida chabwino, koma chabweretsa nthenda yake. Makina akalemba P0171, ambiri amathamangira kunena kuti sensa yafa. Nambalayo imangonena kuti sensa ya mu ekizozi yaona mpweya wotsala wochuluka ndipo kompyuta yawonjezera petulo mpaka kufika pomwe singathe. Sensayo ndi mboni chabe. Siinena pomwe mpweya walowera, ndipo nthawi zambiri ilibe vuto.

Izi ndinaziona bwino m'mawa wina wa mu June pa galaja ya mnyamata amene bambo ake anaphunzira ntchito kwa amalume, iye n'kukawonjezera maphunziro ku Chipata Trades. Kunabwera mayi wochita geni ya zitenje pakati pa Chipata ndi Lilongwe, ndi Allion ya injini ya 1ZZ-FE.

"Achimwene, ndatopa nayo. Kwina anandigulitsa sensa, kwina pampu ya petulo. M'mawa imanjenjemera, pa robo imazima, dzuwa likakwera yachira yokha. Nyali ija siizima."

"Amayi, musagule kanthu lero. Ingondisiyirani izizire kaye, ndiione mmene imadzukira."

Nkhani yoti imadwala m'mawa n'kuchira masana inali itamuuza kale zambiri. Manifodi ya injini imeneyi ndi ya pulasitiki, gasiketi yake ya mphira. Ikakalamba imaphwatalala n'kuuma, m'kuzizira kwa June ndi July imafota n'kusiya kampata, injini ikatentha zitsulo zimafutukuka n'kutseka. Ndi vuto lodziwika pa injini zimenezi m'maiko ambiri. Komabe sanamasule kanthu asanatsimikize. Anaonetsa mayiwo pa makina nambala ya petulo amene kompyuta ikuwonjezera. Injini ili chiimire inkapitirira 20 peresenti. Ataponda moto kufika pa 2,500, nambalayo inatsika kuyandikira ziro. Bowo limalowetsa mpweya wofanana nthawi zonse, ndiye umaoneka wambiri pamene injini ikupuma pang'ono, n'kumira injini ikamapuma kwambiri. Pampu yofooka, sefa ya petulo yotsekeka kapena sensa ya mpweya yodetsedwa ndi fumbi zimachita mosemphana, nambala imakwera ukaponda moto. Kuyeza kumeneku sikutenga nthawi, ndipo kukanapulumutsa ndalama za sensa ndi pampu zija.

Kuti apeze malo enieni anazimitsa injini n'kutenga chitini cha penti chokhala ndi timapaipi tiwiri pachivindikiro. Mkati munali chisanza chonyowa oyilo chikunyeka. Anatseka kamwa la paipi yaikulu ndi pulasitiki, analumikiza kapaipi kamodzi ku manifodi, kenako womuthandiza n'kumapopa pang'onopang'ono ndi pampu ya njinga. Akale ankachita zomwezo ndi utsi wa fodya wopichira, kuuzira ndi pakamwa. Posakhalitsa utsi unayamba kutuluka pamzere wa manifodi ndi mutu wa injini, pa silinda yakumapeto. Anaikapo gasiketi yatsopano, ndipo anakana kupakapo silikoni, chifukwa petulo amaisungunula ndipo mitundu ina imawononga sensa ya mu ekizozi ija. Mabawuti anamanga kuyambira pakati kupita kunja, mosakakamiza, poti pulasitiki imasweka. Ndinaona manja a amalume m'kamangidwe kameneko, ngakhale mnyamatayo sanawapeze akugwira ntchito.

Za dizilo ndi zina. Injini ya dizilo yachikale, monga 1HZ ya Land Cruiser zimene zimanyamula alendo ndi katundu ku Mfuwe, ilibe kachitseko ka mpweya ndipo siwerengera mpweya. Paipi ikang'ambika kuseri kwa sefa, sinjenjemera, siizima, nyali siyaka. Imangomeza fumbi la August mpaka October mwakachetechete, mwini n'kudzazindikira oyilo atayamba kutha ndi galimoto itayamba kuvuta kuliza m'mawa, pomwe maringi apita kale. Pa ma Hilux a D-4D ndi ena okhala ndi turbo, mapaipi a pakati pa turbo, intercooler ndi injini amakhala ndi mpweya wokankhidwa, ndiye bowo limatulutsa m'malo molowetsa. Galimoto imalira mluzu pachitunda, imafuka utsi wakuda, mphamvu n'kuchepa, ndipo pamalo pa bowo pamakhala chinyezi cha oyilo chomata fumbi. Apa ndi pokhapo pomwe madzi a sopo amathandiza, chifukwa amachita thovu mpweya ukapopedwa m'mapaipimo. Ndipo pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho, chouzira sefa ya pepala ndi kompuresa yamphamvu pofuna kupulumutsa mtengo wa yatsopano. Pepala limang'ambika timabowo tosaoneka, sefa n'kuoneka yoyera pamene ikudutsitsa mchenga.

Msewu wa ku Mfuwe unaikidwa phula m'zaka za m'ma 2010, njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010, Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo pa Mwami pali nyumba imodzi yochitira zonse za malire yomwe inatsegulidwa mu 2022. Koma galimoto ikangopatuka kulowa mu Mchini, mu Nabvutika kapena kumidzi kokagula thonje ndi soya, fumbi ndi lomwe lija. Masipeya tsopano alipo ambiri, ndipo vuto lasanduka kusankha. Mapaipi ochuluka a m'masitolo a zakale anachotsedwa pa magalimoto a msinkhu womwewo, mphira wake ndi wouma chimodzimodzi, pamene ena atsopano otsika mtengo amafewa ndi oyilo chaka chisanathe. Amisiri osamala amatenga paipiyo n'kutuluka nayo padzuwa, kupinda khwinya lililonse wogulitsa akuona, asanalipire. Gasiketi yakale saigula konse. Amasintha ndi kilampu yomwe, amayang'ananso mphira zogwira injini kuti paipi yatsopano isang'ambike pomwe inang'ambikira inzake. Galimotoyo ikabwera kudzasintha oyilo, amamasula paipi n'kupisamo chala kuseri kwa sefa. Chala chikatuluka ndi fumbi, amayambiranso kufufuza, kuyambira pa chivindikiro cha bokosi la sefa, pomwe timakilipi timathyoka kawirikawiri.